LIKOMA: BOMA LALING'ONO LOMWE LINABWERA NDI SITIMA

 Ndine yemwe uja wokonza mainjini a maboti. Ya leroyi ndi yaitali, koma a bandulo yoperewera musadandaule, ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo. Werengani pang'onopang'ono uku mukusoka chilimila.

Ena mukudziwa kuti miyezi ino ndili kumtunda. Mwera utavuta, ntchito inachepa padoko, ndiye msuweni wanga anandiitanira ku Nsaru, kwa Kabudula, kuno ku Lilongwe, kuti ndidzamuthandize kukonza mainjini a zigayo ndi mapampu a m'madimba. Injini ndi injini basi, ya boti ndi ya pampu zonse zimadana ndi mafuta akuda.

Tsiku lina ndikumasula injini pachigayo china, agogo ena amene amadikira ufa wawo anandifunsa kwathu. Nditati kunyanja, nkhani inafika pa Likoma. Iwo anati: "Mwana wanga, tandiuza. Ku Likoma kuja ati anthu ake ndi ochepa, koma ali ndi bwanamkubwa wawo, phungu wawo, khonsolo yawo. Ife kuno kwa Kabudula, kwa Khongoni, kwa Kalolo tangoti piringupiringu, koma chidindo cha bwanamkubwa tikachipeze ku tauni. Chilungamo chake chili pati?" Mnyamata wina wa kabaza n'kuponyapo: "Komanso aise, kumeneko si ku Mozambique?"

Ine mwana wa msodzi, amene ndinapondako pa Likoma ndi mapazi angawa, ndinangoti kukamwa yasa. Manyazi anandigwira. Ndiye ndakhala ndikuifufuza nkhaniyi, ndipo ndati ndikugawireni, kuti tsiku lina mukadzafunsidwa musadzachite manyazi ngati ine.

*Malo ake*

Malawi ali ndi maboma 28. Chigawo cha kumpoto chili ndi asanu ndi limodzi: Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Mwa maboma onse a m'dziko muno, Likoma ndiye laling'ono kwambiri, pa malo ngakhalenso pa chiwerengero cha anthu.

Bomali ndi zilumba ziwiri. Chachikulu ndi Likoma, cha masikweya kilomita pafupifupi 18. Chaching'ono ndi Chizumulu, cha masikweya kilomita pafupifupi 3, chomwe chili chakumadzulo kwa Likoma. Kuchoka pa Nkhata Bay kukafika pa Likoma ndi makilomita pafupifupi 70 a madzi okhaokha. Koma kuchoka pa Likoma kukafika pa Cobue, ku Mozambique, sipakwana ngakhale makilomita 10. Ukaima pagombe la kum'mawa, mapiri a ku Niassa amaoneka ngati ungawakhudze. Kunena zoona, mnyamata wa kabaza uja sananame kwenikweni: madzi ozungulira zilumbazi, ukangotalikirako pang'ono, ndi a Mozambique. Nthaka yake yokha ndi madzi a m'mbali mwake ndi zathu.

Nthaka ya pa Likoma ndi ya miyala ndi mchenga. Kuli milambe yambiri ndi mitengo ya mango, ndipo chomwe chimachita bwino ndi chinangwa. Minda ya chimanga ndi fodya yonga ndikuiona kuno ku Nsaru, yoti maso amatopa usanaone malire ake, kumeneko kulibe. Chimanga, shuga, sopo, simenti, malata ndi mafuta a injini zimabwera pamadzi kuchokera kumtunda. Nkhuni zambiri zimawoloka kuchokera ku Mozambique. Chomwe chilumba chimatumiza kunja ndi nsomba, makamaka usipa ndi utaka.

*Anthu ake*

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma. Kalembera yemweyo anapeza anthu 1,637,583 m'boma la Lilongwe, osawerengera a mumzinda. Ndiye kuti pa munthu mmodzi wa ku Likoma, kuno kumidzi ya Lilongwe alipo oposa 100. Agogo aja masamu awo anali olondola.

Koma tamvani mbali inayo. Anthu ochepawo akukhala pa malo ochepetsetsa. Pa sikweya kilomita imodzi ya Likoma pali anthu oposa 700, pomwe dziko lonse la Malawi pa kalembera yemweyo linali ndi anthu 186 pa sikweya kilomita. Kuno kumtunda munda ukachepa munthu amakabwereka kwina kapena kusamukira ku Mchinji ndi ku Kasungu. Pachilumba malire ndi madzi. Ukasuntha kwambiri wanyowa.

Anthu a pa Likoma amalankhula Chinyanja chawo chakunyanja, chofanana ndi cha abale awo a kugombe la Mozambique, pomwe pa Chizumulu Chitonga chimamveka kwambiri. Ambiri ndi a mpingo wa Anglican. Chifukwa chake ndi nkhani yomwe ikubwerayi, ndipo ndi yomweyo imene ikuyankha funso la mnyamata wa kabaza.

*Zinatheka bwanji kuti zilumbazi zikhale za Malawi?*

Mu 1857 David Livingstone anakalankhula ku Cambridge, kupempha ophunzira a m'mayunivesite a ku England kuti abwere kuno kudzalalikira ndi kudzalimbana ndi malonda a akapolo. Kuchokera pamenepo kunabadwa mishoni ya UMCA. Ulendo wawo woyamba unali wa ku Magomero mu 1861, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Zinthu sizinayende. Malungo, nkhondo ndi njala zinawasautsa, Mackenzie anamwalira mu 1862, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar.

Patapita zaka pafupifupi 20 anabwereranso, ulendo uno akuchokera kum'mawa wapansi. William Percival Johnson ndi mnzake Charles Janson anafika kugombe la kum'mawa kwa nyanja mu 1882. Janson anamwalira chaka chomwecho. Johnson anatsala, ndipo anaona chinthu chimene mwana aliyense wa msodzi amachidziwa chibadwire: kunyanja msewu ndi madzi. Midzi ya Anyanja inali itandandalika m'mbali mwa gombe, ikukhala mwamantha chifukwa cha Angoni ochita nkhondo ndi ogula akapolo. Kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi kunali kovuta komanso koopsa. Johnson anati pakufunika sitima.

Sitimayo inabwera m'zidutswa kuchokera ku England, anailumikiza ku Matope pa mtsinje wa Shire, n'kuitcha Charles Janson. Inayamba kuyenda mu 1885. Sitima imafuna doko lobisika ku mphepo komanso malo oti adani sangafikeko msanga, ndipo Likoma inali nazo zonse ziwiri. Chaka chomwecho, ndi chilolezo cha mfumu Chiteji ya kugombe la kum'mawa, mishoni inakhazikika pachilumbapo. Malo amene anapatsidwa anali a Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Tsono mu 1891 Britain ndi Portugal anakhala pansi kugawana dziko lino ngati nyama ya pamaliro, eni ake osafunsidwa. Gombe la kum'mawa, mbali imene lero ndi Niassa, linapita kwa Apwitikizi. Mwa mtunda wake, Likoma ndi Chizumulu zikanapitanso komweko. Koma pazilumbapo panali kale amishoni a Chingerezi ndi sitima yawo, ndiye pangano la pa 11 June 1891 linazisiya m'manja mwa Britain. Mu 1954 mayiko awiriwa anagwirizananso kuti malire a mbali imeneyi adutse pakati pa nyanja, koma zilumba ziwirizi zinakhalabe za Nyasaland pamodzi ndi madzi a m'mbali mwake. Ufulu utabwera mu 1964, Malawi analandira malire momwe analili.

Ndiye mukamva wina akuti Likoma ndi ku Mozambique, muuzeni kuti ayi, ndi Malawi, ndipo chinaikokera kuno ndi sitima imodzi ya nthunzi yoyendera nkhuni.

*Nyanja siona nkhope*

Chauncy Maples anafika pa Likoma mu 1886 ndipo anatsogolera mishoniyo zaka zingapo. Mu June 1895 anamudzoza ku London kukhala bishopu wa Likoma. Pobwerera sanafune kudikira sitima, anakwera boti la matanga lotchedwa Sherriff. Pa 2 September 1895 namondwe anawapeza usiku chakufupi ndi gombe la Salima, boti linagubuduka, ndipo bishopu anamira asanafike n'komwe pampando wake. Amati mkanjo wake utanyowa unamulemera. Manda ake ali kwathu ku Nkhotakota, m'tchalitchi cha All Saints. Ambiri a ife timadutsa pamenepo tikupita kumsika osadziwa kuti pagona ndani.

Pomukumbukira, mishoni inagula sitima yaikulu n'kuitcha Chauncy Maples. Apa anzanga amakaniko tcherani khutu. Anaipanga ku Glasgow mu 1899, n'kuiphwasula m'zidutswa zoposa 3,000. Zidutswazo zinabwera pa Zambezi ndi Shire, ndipo pomwe pali mathithi anthu akuda anazisenza pamutu. Boila yake, yolemera matani 11, anaikoka pangolo amuna mazanamazana. Amati manambala amene analembedwa pa zidutswazo anafufutika, moti olumikiza anachita kuyesa chimodzichimodzi. Inalowa m'madzi mu 1901. Ine ndikasokoneza mabawuti a kabureta imodzi ndimatuluka thukuta, nanga anthu amenewo? Sitimayi inali sukulu, tchalitchi ndi chipatala choyenda pamadzi, ndipo m'mabuku mumapezeka maina a azungu okhaokha, a osenza aja mulibe.

Ulemerero wa Likoma wa nthawi imeneyo ukuonekabe pa tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, anayamba kupempheramo mu 1905, ndipo anachipatula mu 1911. Anajambula mapulani ndi Frank George, koma omanga anali anthu a pachilumbapo ndi a m'magombe oyandikana. M'litali ndi mamita pafupifupi 100. Miyala anaswa pompo, koma zipangizo zina zambiri zinabwera pamadzi. Nditalowamo koyamba ndinavula kapusi osauzidwa ndi munthu.

Kumene kuli mishoni kumakhalanso sukulu. Likoma inatulutsa aphunzitsi, makalaliki, ansembe, akalipentala ndi oyendetsa sitima amene anakagwira ntchito m'Nyasaland monse, ku Tanganyika ndi ku Rhodesia. Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, Josiah Mtekateka, anabadwira pa Likoma, ndipo anadzozedwa mu 1965. Onani tsono: nthawi imene njira yaikulu ya dziko lino inali nyanja, Likoma inali pakati pa zinthu. Kumidzi kunali kuno kumtunda, komwe munthu ankayenda masiku wapansi. Misewu ya galimoto itabwera, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, zinthu zinatembenuka. Chilumba sichinasunthe ngakhale phazi limodzi, koma chinapezeka kuti chili kutali.

*Ilala*

Sitima zonyamula anthu zili ndi mbiri yake yowawa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira chakufupi ndi Chitimba, kumpoto, ndipo anthu 145 anafa. Ilala imene tikuidziwa ife anaipanga ku Scotland mu 1949, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Agogo athu anaikwera, makolo athu anaikwera, ifenso taikwera. Kwa zaka zambirimbiri pa Likoma panalibe doko loti sitima yaikulu n'kugunda, ndiye inkaima pakuya, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, kenako kuvuula m'madzi mpaka kumtunda. Amayi a mwana kumsana, matumba a simenti, odwala, onse njira yake inali yomweyo. Tsiku la sitima ndi tsiku la msika, la makalata, la kulandira alendo ndi la kutsanzikana.

Ine ndinapitako ndi abwana amene anandiphunzitsa ntchito, kukakonza injini ya mahosi 40 ya msodzi wina. Titamasula tinapeza kuti chafa ndi kachitsulo kakang'ono ka m'giya bokosi, koti kangalowe m'thumba la malaya. Pachilumba ponse kanalibe. Tinaitanitsa ku Mzuzu, mwera n'kuuka, maboti ang'onoang'ono osayenda. Tinakhala masiku asanu ndi atatu tikudya kondowole wa eni nyumba. Masiku onsewo boti la munthu lili pamchenga, alovi ake asanu ndi anayi osapha kanthu, mabanja awo akudya ngongole. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la mawu akuti kutali. Kuno ku Nsaru kachitsulo kotero ndimakwera minibasi m'mawa, madzulo ndabwera nako.

*Ulamuliro wake*

Dziko litalandira ufulu, zilumbazi zinkalamulidwa kuchokera ku Nkhata Bay. Taganizani zimenezo. Mphunzitsi wofuna kulondola malipiro ake, mayi wamasiye wofuna chidindo pa kalata ya chuma cha mwamuna wake, mfumu yoitanidwa kumsonkhano, onse ankayenera kudikira sitima, kuwoloka makilomita 70, kukagona kwa achibale, n'kudikiranso sitima yobwerera. Nkhani ya mphindi khumi mu ofesi inkadya sabata yathunthu. Ndipo m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, ya ufulu yoyamba mu 1964 komanso yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992, zilumbazi zinkalandira othawa nkhondo pomwe akuluakulu a boma ali kutsidya.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi ya Bakili Muluzi, Likoma inapatulidwa ku Nkhata Bay n'kukhala boma palokha. Ndi nyengo yomweyo imene Balaka inachoka ku Machinga ndipo Phalombe inachoka ku Mulanje. Ndi nyengo yomweyonso, mu 1998, imene kunabwera lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu.

Lero Likoma ili ndi bwanamkubwa ndi khonsolo yake, makhansala osankhidwa ndi anthu, phungu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo, ndi mfumu yaikulu imodzi, Mkumpha. Lilongwe ali ndi mafumu akuluakulu ambiri, monga Kabudula, Khongoni, Kalolo, Malili, Mtema ndi Chitukula, komanso aphungu ochuluka. Koma makwerero ake ndi amodzi konsekonse: nkhani ya chitukuko imayambira ku komiti ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako ku khonsolo. Ife akunyanja tilinso ndi makomiti a padoko, ma BVC, oona za usodzi.

Pachilumbapo pali chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, pali masukulu a sekondale, pali bwalo la ndege laling'ono. Magetsi kwa nthawi yaitali anali a majenereta a dizilo, ozimitsidwa usiku, dizilo wakenso wobwera pamadzi. M'zaka zaposachedwazi EGENCO inaikako magetsi a dzuwa pa zilumba zonse ziwiri. Koma matenda akakula, wodwala amayenerabe kuwoloka kupita kumtunda, ndipo munthu wa pa Chizumulu ngakhale kuti akafike kwa bwanamkubwa wake amayamba wakwera boti.

*Yankho langa kwa agogo aja*

Sabata yotsatira anabweranso kudzagayitsa. Ndinawafotokozera zonsezi, n'kuwauza kuti: "Agogo, ku Likoma sanawapatse bwanamkubwa powerenga mitu ya anthu. Anawapatsa poona nyanja imene ili pakati. Inu zikavuta mutha kupalasa njinga, kukwera ngolo, ngakhale kuyenda wapansi mpaka mukafike. Iwo aja injini ikakana kulira, palibe wapansi."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Wanena bwino mwana wanga. Koma udzabwere mu February, mvula itakhazikika, udzaone msewu wathu wa kumudzi. Mayi wapakati timamunyamula pangolo usiku kupita naye kuchipatala kwa Kabudula. Nafenso tili ndi nyanja yathu, ya matope."

Sindinatsutse, chifukwa ananena zoona. Munthu wa pa Namitete kapena pa Mpingu, amene ali m'mbali mwa tala wa ku Mchinji, tauni ili pakhomo. Koma wa m'kati mwenimweni cha ku Nambuma, nthawi ya dzinja, boma limamutalikira ngati ali pachilumba, chonsecho likulu la dziko lili m'boma lake lomwelo. Mapu amaonetsa makilomita okha. Chimene chimafupikitsa kapena kutalikitsa dera ndi chombo: kuli msewu kodi, kuli boti kodi, injini yake ikulira kodi, mtengo wake munthu wamba angaukwanitse kodi.

Tsono anzanga, nkhaniyi ikutikhudza. Ena mumadziona ngati otsalira chifukwa munalekera Fomu 2 kapena Fomu 4 n'kulowa m'boti. Dziwani kuti boma lathunthu la dziko lino limadya, limachiritsidwa ndipo limalamulidwa kudzera pa maboti ndi anthu odziwa kuwayendetsa ndi kuwakonza. Ntchitoyi tiigwire mwaulemu. Injini tisamaimange ndi waya n'kumati ifika, pomwe tanyamula ana a eni. Boti tisamalidzaze mpaka madzi kufika pamlomo chifukwa cha K2,000 yoonjezera. Majekete opulumutsira tisamawasandutse mapilo. Mwera ukauka tisamachite makani. Nyanja inatenga bishopu, inatenga Vipya ndi anthu 145, ndiye iwe ndi ine ndife yani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri, misonkhano ya VDC ndi ya BVC tisamaisiyire madala okhaokha. Doko, msewu wopita kugombe, boti la ambulansi, zonsezi zimayambira pa pepala limene limalembedwa pansi pa mtengo m'mudzi mwathu momwemo. Ukapanda kupitako, ena amalembapo zawo. Akadzabwera a kalembera tidzawerengedwe, chifukwa nambala ija 14,527 ndi imene amayang'ana pogawa mankhwala, aphunzitsi ndi ndalama za khonsolo. Amene anali panyanja tsiku lowerenga n'kusalembedwa, anadzichotsera yekha mbale.

Agogo aja tinasiyana bwino. Anandipatsa mtedza wodzaza jumbo, ine ndawalonjeza usipa wouma ndikadzabweranso. Akuti asanafe akufuna adzaione nyanjayo ndi maso awo, ndipo ndawauza kuti akadzabwera tidzawakweza Ilala mpaka pa Likoma, akalowe m'tchalitchi chija.

Inu a ku Likoma ndi ku Chizumulu amene muli m'magulu muno, onjezerani zimene agogo anu anakuuzani, makamaka za anthu athu amene anamanga tchalitchi ndi kuyendetsa sitima zija. Mwera ukangotsika ndikubwera. Amene injini zanu zikutsokomola, musazimasule nokha, ndidikireni.

Tumizani kwa anzanu a padoko.